NYIMBO IMODZI SACHEZERA GULE

Chaka chilichonse pa 17 Malichi, Eklezia amakumbukira Patrick Woyera, mtumwi wa dziko la Ireland. Tsikuli limagwa m'nyengo ya Lenti chaka ndi chaka osaphonya, pamene akhristu tili pa ulendo wa kusala ndi kulapa. Munthu amene timamukumbukirayo anagwidwa ukapolo ali mnyamata wa zaka 16, naweta ziweto za mbuye wake zaka 6 pa mphepo ndi pa mvula. Ndipo atathawa, anabwereranso mwa kufuna kwake kukalalika Mthenga Wabwino kwa fuko lomwelo limene linamusunga mu ukapolo. Koma mukatsegula foni kapena kompyuta m'sabata imeneyo, za kapolo uja simudzazimva kwenikweni. Odzakuchingamirani ndi anyamata ndi abambo ovala zobiriwira, gitala pachifuwa, botolo patebulo, akuimba nyimbo zopeka okha zotamanda mowa.

Anthu amenewa alipo ambiri, ndipo ambiri mwa iwo sakhala ku Ireland konse. Ali ku America, ku Canada, ku Germany, ku Australia. Masana ndi aphunzitsi, amakaniko, akalaliki a m'maofesi. Madzulo amasonkhana atatu kapena anayi m'chipinda cha mnzawo, wina ndi gitala, wina ndi banjo, wina ndi kachitoliro kachitsulo, wina ndi kang'oma kachikopa cha mbuzi kamene eni ake amakatcha bodhrán. Kale kujambula nyimbo kunkalira situdiyo ndi ndalama zankhaninkhani; lero foni ndi kompyuta ya m'nyumba zikwanira, kotero kuti nyimbo yojambulidwa Loweruka usiku imakhala itaoloka nyanja Lamulungu kusanache. Ndipo pa nyimbo zawozo amalembapo kuti ndi za chikhalidwe cha ku Ireland.

Mukamva imodzi, mwamva pafupifupi zonse. Munthu walowa m'bala, wamwa mpaka matumba apepuka, wamenyana ndi mnzake, wagwera m'ngalande. Kunyumba mkazi wolongolola akumudikira ndi mthiko. Wansembe naye ali pakona ndi tambula yake. Tsono onse aombe m'manja, aseke, aitanitse wina.

Ine ndili nawo mlandu anthu amenewa, ndipo ndifuna kuutula pamaso panu, owerenga okondedwa. Mlandu wake ndi wa pa lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama. Atenga fuko lathunthu, ndi misozi yake, ndi chikhulupiriro chake, nalisandutsa chidakwa choseketsa anthu. Ndipo atenga uchidakwa, umene wamiza mabanja osawerengeka, naupaka mafuta kuti uoneke ngati ubale ndi chimwemwe.

ZIMENE SINDIKUTSUTSA

Ndiyambe ndalambula njira, kuopa kuti wina angandimve molakwa. Sindidana nazo zakuti munthu wosapita ku sukulu ya zoimba apeke nyimbo ndi kuijambula. Nyimbo za ku Ireland zomwezo zinapulumuka chifukwa cha anthu otere. Francis O'Neill, mwana wa mlimi wa m'boma la Cork, anasamukira ku America nakhala mkulu wa apolisi mu mzinda wa Chicago kuyambira 1901 mpaka 1905. Akaweruka ankaliza chitoliro, nasonkhanitsa nyimbo kwa anzake ochokera kwawo, wapolisi mnzake akumulembera pa pepala. Ndipo mu 1903 anasindikiza buku la nyimbo 1,850. Mu 1951, oimba wamba anakumana m'tauni ya Mullingar nayambitsa bungwe la Comhaltas Ceoltóirí Éireann, limene limaphunzitsa ana zoimbira za makolo ndi kuchititsa chikondwerero cha chaka ndi chaka chotchedwa Fleadh Cheoil. M'midzi ya kumeneko nyimbo zinkaimbidwa pamoto m'nyumba, agogo ndi adzukulu ali pomwepo. Woimba wosalipidwa ndiye mzati wa mwambo wonsewo.

Sindinenanso kuti mkhristu azikhala ndwii, kapena kuti chakumwa chilichonse ndi tchimo. Ambuye athu anachita chizindikiro chawo choyamba pa ukwati wa ku Kana vinyo atatha, ndipo pa guwa lansembe timapereka vinyo tsiku ndi tsiku. Chimene Eklezia amadzudzula ndi kuledzera, kumene kumalanda munthu nzeru zimene Mlengi anamupatsa. Nyimbo yachisangalalo pa phwando ili nawo malo ake, ndipo palibe afuna kuilanda malowo.

NKHOKWE IMENE AILAMBALALA

Kuti timvetse kukula kwa bodzali, tione kaye zimene nyimbo za ku Ireland zinasenza. Fukoli linakhala zaka mazana ambiri pansi pa ulamuliro wa Angerezi. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, malamulo ankhanza analetsa Akatolika kugula minda, kukhala m'nyumba ya malamulo ndi kutsegula sukulu zawo, maepiskopi anapirikitsidwa, ndipo panali nthawi zina pamene Misa inkachitikira pa thanthwe kutchire, munthu mmodzi ataima pamtunda kusuzumira asilikali.

Mu 1845 matenda a chiwawu anagwa pa mbatata ya kachewere, yomwe ija ife timalima ku Dedza ndi ku Ntcheu, imene kwa amphawi a kumeneko inali ngati chimanga kwa ife. Pofika 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa ndi njala ndi matenda, ndipo ena oposa 1 miliyoni anali atakwera zombo kuthawa. Chilumba chimene mu 1841 chinali ndi anthu oposa 8 miliyoni, pa kalembera wa 2022 chinali chisanabwezeretsebe chiwerengero chimenecho. Mwana akamanyamuka kunka ku America, abale ndi anansi ankachezera naye usiku wonse ngati pa maliro, pakuti ankadziwa kuti pansi pano sadzamuonanso.

Zonsezi zinalowa m'nyimbo. Kuli nyimbo za amayi olira maliro, zogonekera ana, zoimba popota ulusi ndi pokama ng'ombe, za chikondi, za munthu wolakalaka kwawo ali ku ntchito ya kutali, za amene anaphedwa pomenyera dziko lawo. Kuli kaimbidwe kakale kotchedwa sean-nós, ka munthu mmodzi yekha popanda choimbira chilichonse, m'chinenero chawo cha Gaelic. Ndipo m'kaimbidwe kameneko muli nyimbo za masautso a Ambuye ndi za chisoni cha Amayi Maria patsinde pa mtanda. Ife amene amayi athu anasunga mbiri ya njala ya 1949 m'nyimbo za pamtondo, zotere sitifunika kuuzidwa kawiri. Utatha Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican mu 1965, katswiri wa zoimba Seán Ó Riada anatunga m'chitsime chomwechi napeka nyimbo za Misa m'chinenero cha makolo, zimene anaziimba poyamba ndi amuna wamba a m'mudzi wa Cúil Aodha, nthawi yomwe ifenso tinkayamba kulowetsa ng'oma m'tchalitchi.

Akuluakulu anati nyimbo imodzi sachezera gule. M'nkhokwe yonseyi nyimbo za mowa zilimo, inde, koma zili ngati dengu limodzi m'nkhokwe yodzaza tho. Anzathu opeka nyimbo aja atapa dengu limodzilo, nauza dziko lonse kuti munda wonse unabala zokhazo.

MMENE BOTOLO LINAKWERERA PAMWAMBA

Nanga zinatheka bwanji kuti dengu limodzi liphimbe nkhokwe? Mbiri yake si yakale kwambiri. Mu mzinda wa New York munali abale atatu a banja la Clancy, ochokera ku Carrick-on-Suir, ndi mnzawo Tommy Makem. Iwowa ntchito imene ankafuna poyamba inali ya zisudzo, kuimba kunali kwapadera. Mu 1956 anajambula chimbale cha nyimbo za omenyera ufulu, ndipo mu 1959 anatulutsa china cha nyimbo za mowa zokhazokha. Ataonekera pa wailesi ya kanema ya ku America mu 1961, anatchuka ponseponse. Ku Dublin nako, gulu la The Dubliners linayamba mu 1962 m'bala ya O'Donoghue's, ndipo mu 1967 nyimbo yawo yotchedwa Seven Drunken Nights, imene wailesi ya dziko lawo inakana kuiulutsa, inalowa m'gulu la nyimbo 10 zogulidwa kwambiri ku Britain.

Tisawanamizire amuna amenewa. Pakamwa pomwepo pankatulukanso nyimbo za anthu a m'migodi, za akaidi, za ana, za ogwira ntchito ya pamsewu ku England. Luke Kelly wa The Dubliners amakumbukiridwa kwawo chifukwa cha nyimbo zolasa mtima. Koma msika uli ndi khutu lake, ndipo unasankha zimene zimagulitsa. Kuyambira zaka za m'ma 1990, makampani anayamba kupanga mabala athunthu a maonekedwe a ku Ireland, matabwa, magalasi ndi zithunzi zomwe, ndi kuwatumiza kukaimikidwa m'mizinda ya maiko ena. Bala yotere imafuna nyimbo, ndipo nyimbo imene mwini bala afuna ndi yoti anthu akhalitse ndi kuitanitsa. Apa ndi pamene anzathu ambiri anaphunzirira "chikhalidwe cha ku Ireland": m'sitolo yogulitsa mowa yovekedwa zovala za mwini. Woimba aganiza kuti akulemekeza fuko la eni. Chenicheni chake akuitanira malonda a mwini bala, popanda ndi malipiro omwe.

Chomvetsa chisoni kopambana ndi chakuti chithunzi cha munthu wa ku Ireland woledzera ndi wandewu chinajambulidwa ndi adani ake. M'zaka za m'ma 1800, manyuzipepala a ku London ndi a ku New York ankamujambula ndi nkhope ya nyani. Mu 1871 Thomas Nast, m'magazini ya Harper's Weekly, anamujambula atakhala pa mgolo wa onga, botolo lili m'manja. Cholinga chinali chakuti anthu akhulupirire kuti Akatolika amphawiwa sayenera ntchito yabwino kapena kudzilamulira. Lero adzukulu a anthu omwewo, pamodzi ndi abwenzi awo, atola chitonzo chimenecho, nachiika pa gitala, nachiimba ndi nsangala.

MWANA WOLOWERERA WOSAFIKA KWAWO

Pali nyimbo imodzi imene pafupifupi gulu lililonse la oimba otere limaidziwa, ndipo nyimbo zambiri zatsopano zimatsata mapazi ake. Dzina lake ndi The Wild Rover. Ofufuza mbiri ya nyimbo analondola mizu yake mpaka ku England wa m'zaka za m'ma 1600, kumene inkasindikizidwa pa timapepala ngati chenjezo kwa amuna omwaza chuma cha banja m'nyumba za mowa. Nkhani yake ndi iyi: munthu wathera zaka ndi ndalama pa mowa. Tsiku lina ayesa mayi wogulitsa mowa pomupempha ngongole, mayiyo namukaniza. Atatulutsa ndalama, mayi uja asintha nkhope nayamba kumunyengerera. Apo munthuyo maso atseguka, natsimikiza zosiya moyo umenewo ndi kubwerera kwa makolo ake kukapepesa.

Mkhristu aliyense aizindikira nkhaniyi: ndi fanizo lija la mwana wolowerera la mu Mthenga Wabwino wa Luka. Koma mverani mmene imaimbidwira m'mabala. Pamalo pomwe woimba alumbira kuti sadzabwerezanso, khamu lonse limamenya matebulo ndi kukweza matambula. Mau akunena za kulapa, manja akuitanitsa wina. Mwana wolowerera wanyamuka kunka kwa atate ake usiku uliwonse kwa zaka zambirimbiri, koma mpaka lero sanadutse pakhomo la bala. Mu 2019 gulu la ku Dublin lotchedwa Lankum linaijambula nyimboyi pang'onopang'ono, mwachisoni, kwa mphindi 10, ndipo oimva anazindikira kuti nthawi yonseyi ankavina pa kulira kwa munthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'MAWA MWAKE

Nyimbo za anzathuwa zimathera pakati pa usiku. Za m'mawa mwake sizinena. Koma a ku Ireland eni ake m'mawamo amudziwa bwino, pakuti aika m'manda ana awo aluso. Brendan Behan, mlembi wa zisudzo amene dziko linkakonda kumuona ataledzera, anamwalira mu 1964 ali ndi zaka 41 zokha, thupi litaonongeka ndi mowa ndi matenda a shuga. Shane MacGowan wa gulu la The Pogues, amene oimba ambiri atsopano amamutsanzira, anzake anamuchotsa m'gulu mu 1991 chifukwa cha kamwedwe kake. Anamwalira mu 2023, ndipo Misa ya maliro ake inachitikira ku Nenagh. Munthu ameneyu ankaimba za mowa, zoona, koma m'nyimbo zake munalinso okalamba ogona m'misewu ya London, kutali ndi kwawo, opanda wowalira. Omutsanzira atola botolo lake, chisoni chake achisiya pansi.

Ndipo Ireland ali ndi mbiri ina imene nyimbo za m'bala siziitchula. Pa 10 Epulo 1838, mu mzinda wa Cork, wansembe wa chipani cha Capuchin, Bambo Theobald Mathew, anasaina lonjezo losiyiratu mowa, ndipo m'zaka zochepa anthu mamiliyoni anamutsata. Wansembe ameneyu sanalande anthu nyimbo. Analimbikitsa magulu oimba malipenga m'matauni, kuti munthu wosiya mowa akhale ndi kopita madzulo. Mu 1898, ku Dublin, Bambo James Cullen a chipani cha Ajezuiti anayambitsa bungwe la Pioneer, la anthu odziletsa mowa moyo wonse chifukwa chokonda Mtima Woyera wa Yesu ndi popepesera machimo a uchidakwa. Boma nalo, kwa zaka zoposa 30 kuyambira 1927, linkatseka mabala pa tsiku la Patrick Woyera lomwelo. Mu 2018 linakhazikitsa lamulo lochepetsa kutsatsa mowa, ndipo mu 2022 linaika mtengo umene mowa suyenera kutsika kupitirira apo. Mu 2001 munthu wamkulu mmodzi ankamwa, pogawa mofanana, malita oposa 14 a ukali weniweni wa mowa pa chaka. Pofika 2023 anali osakwana 10. Mwini bala la pamwendo akulitsuka ndi kulimanga, alendo ali kunja akuliimbira nyimbo.

Koma mboni yanga yaikulu ndi Matt Talbot. Anabadwira ku Dublin mu 1856 m'banja losauka, nayamba ntchito ali ndi zaka 12 kwa wogulitsa vinyo, ndipo asanamere ndevu anali kale chidakwa. Malipiro onse ankathera ku bala. Ngakhale nsapato zake ankazipinyolitsa. Tsiku lina iye ndi anzake anaba vayolini, kaligo wa azungu uja wa zingwe zinayi, kwa munthu wosauka woimba m'misewu, naigulitsa kuti apeze za mowa. Taonani apo: mowa sunabale nyimbo, unaitseka pakamwa.

Mu 1884, ali ndi zaka 28, anaima panja pa bala alibe ndi khobidi lomwe, akuyembekeza kuti anzake amene anawagulira kambirimbiri amulowetsa. Anamudutsa mmodzimmodzi. Umenewo ndiwo ubale wa pa mowa umene nyimbo zimautama. Anabwerera kunyumba, nauza amayi ake kuti akupita kukachita lonjezo, ndipo anakalichita pamaso pa wansembe, la miyezi 3 poyamba. Anakhala zaka 41 osalawanso, akusenza matabwa masana, m'mamawa ali ku Misa. Anagwa nafa pamsewu pa 7 Juni 1925 akupita ku tchalitchi, ndipo mu 1975 Papa Paulo VI anamutcha Wolemekezeka. Kodi moyo wotere mulibe nyimbo? Muli ndewu yoposa ya m'bala, pakuti munthu akulimbana ndi khosi lake lomwe.

"SI NTHABWALA CHABE KODI?"

Wina adzati: mwakwiyiranji, bambo? Si nthabwala chabe kodi? Ndani anayamba kumwa chifukwa cha nyimbo? Yankho langa ndi ili: nyimbo ikadakhala yopanda mphamvu, bwenzi sitiimba m'tchalitchi, ndipo bwenzi ofulula mowa salipira oimba. Mwana amadziwa nyimbo ya Misa asanathe kuwerenga katekisimu. Chimene chalowa ndi nyimbo chimakhala mu mtima ulaliki utaiwalika. Paulo Woyera, polembera akhristu a ku Efeso, anaika kuledzera mbali ina, kuimbirana masalimo ndi nyimbo zauzimu mbali inzake, ngati zinthu ziwiri zolimbirana malo mu mtima umodzi. Ndiponso kumbukirani kuti m'chipinda chilichonse mmene nyimbo yotere ikuimbidwa, mwina muli munthu amene wangotha sabata zitatu osamwa, ndi mwana amene usiku wathawu anabisala kuseri kwa chitseko atamva mapazi a bambo wake. Kwa iwowa nthabwalayo siseketsa.

Wina adzatinso: a ku Ireland eni ake amaziimba, ife tilekerenji? Pa maliro a kwathu kuno adzukulu amatha kuchita nthabwala, ndipo palibe amawaletsa, pakuti ndiwo akumba manda ndi kunyamula chitanda. Koma mlendo wongodutsa pamsewu akafika n'kuyamba kuseka pamenepo, khasu osaligwirako, timati ndi wopanda mwambo. Afuna kuseka nawo ayambe walira nawo.

Masiku ano kwabweranso makompyuta amene ukangowauza kuti ufuna nyimbo ya mowa ya ku Ireland, amaipeka ndi kuiimba okha pa mphindi zochepa, ndipo sisiyana kwenikweni ndi za anzathu aja. Zimenezi zikadayenera kuwachititsa manyazi. Nyimbo imene makina atha kuilukanitsa kuchokera ku zidutswa za zinzake, ndiye kuti munalibe munthu m'kati mwake chiyambire.

MAKALATA A KU KILKELLY

Kodi tsono munthu wobadwira kunja sangapeke nyimbo ya ku Ireland yoona? Angathe ndithu, ndipo umboni ulipo. Peter Jones ndi mbale wake Steven, a ku America, anapeza m'nyumba ya makolo awo mtolo wa makalata akale. Anali ochokera m'mudzi wa Kilkelly, m'boma la Mayo, olembedwa kwa kholo lawo limene linasamukira ku America njala ija itangopita. Bambo wa mnyamatayo ankanena mau, mphunzitsi wa m'mudzimo namulembera. Patapita zaka ngati 100, adzukuluwa anasandutsa makalatawo nyimbo yotchedwa Kilkelly, Ireland, yoyenda kuchokera mu 1860 mpaka 1892. Muli za mbewu zokanika, za ana obadwa, za imfa ya mayi, za kuthokoza ndalama zotumizidwa, ndi za nkhalamba yolakalaka kuonanso mwana wake. Kalata yomaliza ailemba ndi mchimwene wake, kunena kuti bambo aja anaikidwa m'manda.

Ndani mwa ife sangaimve nyimbo imeneyi? Agogo athu nawonso ankapita kwa aphunzitsi kapena kwa akatekisiti kukalembetsa kalata ya mwana amene anapita ku Joni kapena ku Salisbury, ena osabwerako. Abale awiriwa sanafune chipewa chobiriwira kapena kutsanzira kalankhulidwe ka eni. Anatsegula bokosi la m'nyumba mwawo, nawerenga, namvera. Ndipo a ku Ireland eni ake anailandira nyimboyo ngati yawo. Chimodzimodzi The Fields of Athenry, imene ambiri amaiyesa yamakedzana, anaipeka ndi Pete St John mu 1979, kusimba za bambo wotumizidwa ku ukaidi ku Australia chifukwa choba chakudya cha ana ake pa nthawi ya njala. Mwambowu sunatseke chitseko. Chimene umafuna kwa wolowamo ndi choonadi.

NANGA IFE ZITIKHUDZA BWANJI?

Zitikhudza pakuti a ku Ireland ife tiwadziwa ndi maso. Ansembe a Capuchin, chipani chomwe chija cha Bambo Mathew, anafika ku Livingstone mu 1931. Masisitere a Medical Missionaries of Mary anatsegula chipatala cha St John's ku Mzuzu. Ansembe a ku Kiltegan, otchedwa ndi dzina la Patrick Woyera, atumikira m'maparishi athu zaka zambiri, ndipo mmodzi wa iwo, Ambuye John Ryan, anasankhidwa kukhala episkopi wa Mzuzu mu 2016. Mabulazala a St John of God anabwera ku Mzuzu komweko m'zaka za m'ma 1990 kudzasamala odwala maganizo, pamodzi ndi ogwidwa ukapolo ndi mowa ndi chamba. Ana athu enanso ali ku Dublin ndi ku Cork pa sukulu ndi pa ntchito. Ameneyu ndi mnansi, ndipo mnansi sitimusiya akunamiziridwa ife tili chete.

Taganizaninso izi: bwanji alendo amene sanapondepo kwathu kuno atayamba kupeka nyimbo mazanamazana zotchedwa "za Chimalawi", zonse zonena za kachasu ndi za munthu wogona m'ngalande? Bwanji ingoma, chimtali, nyimbo za pamtondo ndi za pa maliro zonse zitaiwalika, dziko lonse n'kumatidziwa ndi botolo lokha? Tikadapsa mtima, ndipo tikadakhoza.

Zitikhudzanso pakuti foni imene ili m'manja mwa mnyamata wa ku Boston ili m'manjanso mwa ana athu, ndipo nawonso akupeka ndi kujambula. Inu makolo, musawalande gitala. Bambo Mathew sanatero. Koma afunseni kuti nyimbo yawo ikunena zoona kodi. Ndipo inu achinyamata, kulikonse kumene muli, amene Mulungu anakupatsani khutu ndi mau: pitani kwa agogo anu akadali moyo, tsegulani mabokosi a makalata, funsani za amene anapita osabwerako. Mukafuna kuimba za mowa, imbani, koma nyimboyo muifikitse mpaka m'mawa. Muikemo mayi wowerenga makobidi otsala, mwana wobwezedwa ku sukulu, ndi munthu uja woima panja pa bala anzake akumudutsa.

Matt Talbot atasiya mowa anabweza ngongole zake zonse za m'mabala. Koma chimene chinkamulasa mtima kopambana chinali vayolini ija. Anamufunafuna woimba uja kuti amubwezere mtengo wake, koma sanamupeze. Pomaliza anapereka ndalamazo kuti ansembe amuchitire Misa. Anadziwa kuti wolanda mmphawi nyimbo yake walanda chinthu chachikulu, ndi kuti kulapa kopanda kubweza n'kosakwanira. Anzathu opeka nyimbo za m'bala ali ndi mwayi umene Talbot analibe: mwini vayolini akadali moyo, ndipo kumene akhala kukudziwika. M'nyengo ino ya Lenti, tiwapemphe mwaulemu koma mosabisa mau kuti akaibweze.